Kwanu nkwanu, koma okhometsa msonkho amawerenga masiku

Mukamufunsa Mmalawi amene wakhala ku Leeds zaka khumi kuti kwawo ndi kuti, sazengereza. Atchula boma, mfumu yaikulu, mudzi, mwinanso mtengo wa mango umene uli pakhomo pa amayi ake. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo palibe angamutsutse. Koma tsiku lina banki imamutumizira fomu yofunsa kuti iye ndi tax resident (wokhalamo pa nkhani ya msonkho) wa dziko liti, ndipo pamenepo yankho la mumtima lija silimuthandiza. Ena amalemba Malawi chifukwa ndi dziko limene lili pa pasipoti. Ena amalemba UK chifukwa ndiko akugona lero. Ena amangoipinda fomuyo nkuiika m'kabati. Funsoli limaoneka laling'ono, koma yankho lake ndi limene limanena kuti ndi boma liti lingakhometse msonkho pa malipiro anu, pa lendi ya nyumba yanu ya ku Area 49, pa phindu la minibasi imene mlamu wanu akuyendetsa ku Mzuzu, ngakhalenso pa ndalama ya puloti imene mudzagulitse mawa.

Choyamba kuchimvetsa n'chakuti munthu sasankha yekha. Dziko lililonse lili ndi lamulo lakelake loyezera amene limamuwerenga ngati wokhalamo pa nkhani ya msonkho, ndipo silifunsa dziko linzake lisanagamule. N'chifukwa chake zimatheka kuti m'chaka chimodzi mayiko awiri onse akuloze chala kuti ndiwe wawo.

Boma limagwira ndalama za munthu pa zifukwa ziwiri. China ndi komwe ndalamayo yachokera: ngati munda, nyumba kapena ntchito ili m'dziko langa, ndidyapo, kaya mwini wake akukhala kuti. China ndi komwe munthuyo akukhala: ngati ukukhala m'dziko langa, kuyenda pa misewu yanga, ana ako akuphunzira m'sukulu zanga, ndidya pa zonse zimene umapeza, kaya zachokera kutsidya la nyanja. Britain ndi South Africa amagwiritsa ntchito zifukwa zonse ziwiri. Malawi amatsamira kwambiri pa choyambacho. Kusiyana kumeneku ndiye phata la nkhani yonse kwa abale athu amene ali kunja.

Pasipoti nayo ilibe mawu ambiri pano. Pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu Disembala 2018 kuti Mmalawi angathe kukhala nzika ya mayiko awiri, ena adada nkhawa kuti ndiye kuti azikhoma kawiri. Sizili choncho. Mayiko odziwika ndi kukhometsa msonkho potengera unzika ndi United States ndi Eritrea. Boris Johnson, nduna yaikulu yakale ya Britain, yemwe adabadwira ku New York mu 1964 nkuchokako ali kamwana, adapezeka ndi ngongole ya msonkho ku America atagulitsa nyumba yake ya ku London, chifukwa chongokhala nzika. Pambuyo pake adausiya unzikawo mu 2016. Malawi, Britain ndi South Africa sachita zimenezo. Chimodzimodzinso viza kapena chilolezo chogwirira ntchito: izo ndi za ofesi yoona zolowa ndi kutuluka. Munthu angakhale ndi mapepala osalongosoka koma lamulo la msonkho nkumuwerengabe ngati wokhalamo, chifukwa limaona pamene thupi lake lagona, osati chidindo.

Mbali ya Malawi

Kuno kwathu msonkho amatolera ndi a MRA, bungwe limene lidayamba ntchito m'chaka cha 2000, potsatira lamulo la Taxation Act. Lamuloli limakhometsa msonkho pa ndalama zochokera muno m'Malawi, kuphatikizapo zina zimene limaziwerenga ngati zochokera muno. Namwino amene akugwira ntchito m'chipatala cha ku Manchester, nkumalipidwa komweko, malipiro akewo gwero lake ndi Britain, ndipo MRA sawalondola. Koma nyumba imene adamanga ku Lilongwe, imene muli anthu a lendi, ili pa nthaka ya Malawi. Lendi imeneyo ndi ya msonkho muno, kaya mwini wake watha zaka zingati osaponda ku Lumbadzi.

Muyeso wa Malawi wa yemwe ndi wokhalamo ndi masiku 183 pa chaka. Kufika kapena kusafika pa nambala imeneyi kumasintha kakhomedwe. Wokhala muno amawerengeredwa msonkho pa phindu lake mwa masitepe, pomwe wosakhala muno kawirikawiri amadulidwa 15 pa 100 iliyonse pa ndalama yonse imene akulipidwa kuchokera muno, asanachotsepo zimene wawononga, ndipo wodula ndi amene akulipirayo. Choncho TPIN ndi malisiti a MRA si za anthu okhala ku Limbe okha. Muona kutsogoloku kuti lisiti limenelo ndi limene limakupulumutsani kutsidya.

Mbali ya Britain, kumene ambiri amapunthwa

Kwa zaka zambiri Britain idalibe lamulo lolembedwa momveka pa nkhaniyi. Anthu ankadalira zigamulo za makhoti ndi kabuku ka malangizo kotchedwa IR20. Mkulu wina wa bizinesi, Robert Gaines-Cooper, adati adasamukira ku Seychelles mu 1976, ndipo ankawerenga masiku ake mosamala kuti asafike 91 pa chaka, monga momwe ankamvera kabukuko. Koma nyumba yake yaikulu ku England idalipo, mkazi wake ndi mwana ankakhala komweko, mwanayo nkumaphunzira komweko. Mu 2011 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo lidagamula momugonjetsa: kuwerenga masiku kokha sikudakwane, chifukwa sadadule mizu yake moonekeratu. Mlandu umenewu udaopsa anthu ambiri, ndipo kuyambira pa 6 Epulo 2013 padabwera lamulo lolembedwa, Statutory Residence Test, limene a HMRC, ofesi ya msonkho ya ku Britain, akugwiritsa ntchito mpaka pano.

Chaka cha msonkho ku Britain chimayamba pa 6 Epulo nkutha pa 5 Epulo chaka chinacho. Tsiku lodabwitsali lidachokera ku kusintha kwa kalendala mu 1752, pamene dzikolo lidadumpha masiku 11. Ndikutchula izi chifukwa ku South Africa chaka chimayamba pa 1 Malichi, pomwe kwathu kuno chidasunthidwa kuchoka pa 1 Julayi kufika pa 1 Epulo. Amene akuwerenga masiku ake kuyambira Januwale mpaka Disembala akuwerenga pa kalendala imene palibe ofesi ya msonkho mwa zitatuzi ikuigwiritsa ntchito. Ndipo tsiku lenilenilo amaliwerenga mosiyana. Ku Britain, tsiku limawerengedwa ngati pakati pausiku padakupezani muli m'dzikomo. Mukatera ku Heathrow Lachisanu m'mawa nkunyamuka Lamulungu madzulo, masiku anu ndi awiri. Ku South Africa, ngakhale kachigawo ka tsiku ndi tsiku lathunthu, ndiye ulendo womwewo ungakhale wa masiku atatu.

Muyeso wa Britain uli ndi zipata zitatu, ndipo umayenera kuzidutsa motsatana. Chipata choyamba chimatulutsa anthu amene mwachionekere si okhalamo. Ngati munali wokhalamo m'chaka china mwa zaka zitatu zapitazo koma chaka chino simudafike masiku 16, mwatuluka. Ngati simunali wokhalamo m'zaka zitatu zonsezo ndipo simudafike masiku 46, mwatulukanso. Ngatinso mukugwira ntchito kunja nthawi zonse, maola osachepera 35 pa sabata mukawerengera chaka chonse, ndipo ku Britain simudafike masiku 91, nkugwirako ntchito masiku osafika 31, mwatuluka. Chipata chachiwiri chimalowetsa amene mwachionekere ndi okhalamo: wofika masiku 183, wogwira ntchito nthawi zonse m'dzikomo, kapena amene khomo lake lenileni lili kumeneko ndipo kwina kulikonse alibe khomo limene amakhalako masiku okwana 30 pa chaka. Anamwino, osamalira okalamba ndi ophunzira ambiri amathera pa chipata ichi.

Amene sadatuluke poyamba ndipo sadalowe pachiwiri amafika pa chipata chachitatu, pamene amayeza zingwe zimene zikumumangirira ku dzikolo. Zingwezo ndi zisanu. Cha banja: mkazi, mwamuna kapena mwana wosafika zaka 18 amene ndi wokhalamo. Cha pogona: malo amene ali otseguka kwa inu kwa masiku 91 otsatizana ndipo mudagonapo ngakhale usiku umodzi (pakakhala pa m'bale wapafupi, mausiku 16). Cha ntchito: masiku 40 kapena kuposa amene mudagwira ntchito yopitirira maola atatu. Cha mbiri: ngati mudaposa masiku 90 m'chimodzi mwa zaka ziwiri zapitazo. Chachisanu chimagwira okhawo amene akuchoka, ndipo chimafunsa ngati Britain ndi dziko limene mudagonamo mausiku ambiri kuposa lina lililonse. Zingwe zikachuluka, masiku amene mungakhale osagwidwa amachepa. Kwa munthu amene akuchoka, zingwe zinayi zimamugwira akangofika masiku 16, zitatu akafika 46, ziwiri akafika 91, chimodzi akaposa 120. Wobwera kumene amapatsidwa mpata wokulirapo pang'ono.

Apa pakufunika chitsanzo. Tiyerekeze bambo wina wagwira ntchito ku Nottingham zaka khumi ndi ziwiri, ndipo watopa ndi chisanu. Wabwerera kumudzi, wagula malo ku Mchinji, akulima soya ndi kuweta nkhuku, ntchito yambiri akuisiyira kapitawo. Mayi a ana atsala ku England kuti mtsikana wawo wa zaka 15 amalize sukulu, ndipo nyumba ilipo, makiyi ake ali m'thumba mwa bamboyo. Iye mumtima mwake wasamuka. Koma tiyeni tiwerenge. Chingwe cha banja chilipo. Cha pogona chilipo. Cha mbiri chilipo, chifukwa chaka chatha adakhalako chaka chonse. Zingwe zitatu. Akapita kukaona banja pa Khirisimasi kwa milungu inayi, nkudzapitanso milungu itatu nthawi ya mayeso a mwana, wadutsa masiku 46. Chaka chimenecho Britain imuwerenga ngati wokhalamo, ndipo ili ndi mphamvu yofunsa za phindu la nkhuku za ku Mchinji. Malawi nayo imuwerenga ngati wokhalamo, poti wakhala muno kuposa masiku 183. Munthu mmodzi, mayiko awiri, ndipo iye sadalakwe kanthu. Adangopita kukaona mwana wake. Chimene chikadamutulutsa pa chipata choyamba ndi ngati akadasonyeza kuti pa famupo amagwira ntchito yekha maola okwana 35 pa sabata, ndipo kusonyeza kumafuna zolemba, osati kulumbira.

Lamuloli lili ndi chifundo pang'ono. Masiku amene mudakakamizika kukhala ku Britain pa zifukwa zadzidzidzi zimene simukadazipewa, monga matenda aakulu, angathe kuchotsedwa mpaka 60. Chaka chimene mwafika kapena kuchoka chingathenso kugawidwa pawiri, gawo lina nkukuwerengani ngati wakunja, mukakwaniritsa zofunika zake. Pochoka pali fomu ya P85 yodziwitsira a HMRC, ndipo amene amadzaza okha mafomu a msonkho pa chaka amafotokoza za kukhala kwawo pa masamba a SA109.

Nanga namwino uja wa nyumba ya lendi ku Lilongwe? Poti ndi wokhalamo ku Britain, lendi yake imawerengedwa kumenekonso. Ikakhala yosaposa mapaundi 1,000 pa chaka palibe chochita. Ikaposa, ayenera kuiulula. Ndimamva anthu akunena kuti, "Ndalamayo sindiibweretsa kuno, imathera pa fizi ya adzukulu ndi feteleza wa amayi." Kale mawu amenewa anali ndi pogwira, chifukwa padali dongosolo lolola anthu ochokera kunja kukhoma pa ndalama zokhazo zimene alowetsa m'dzikomo, ndipo wa ndalama zosafika mapaundi 2,000 zotsala kunja sankavutika n'komwe. Dongosolo limenelo lidatha pa 6 Epulo 2025. M'malo mwake mudabwera lina: amene wangofika kumene, atakhala kunja zaka khumi zotsatizana, angapemphe kuti ndalama zake zakunja zisakhomedwe m'zaka zinayi zoyambirira. Zikumveka zokoma, koma pali mbedza. Wopempha zimenezi amataya gawo la malipiro lija limene silikhomedwa msonkho, mapaundi 12,570. Kwa namwino wa ku England amene amadulidwa 20 pa 100 iliyonse, kutaya gawo limenelo ndi kuonjezera mapaundi 2,514 pa msonkho wake. Ngati lendi ya ku Area 49 ndi yochepa, kupempha chikhululukirocho kumamudyera zambiri kuposa kungoulula lendiyo nkulipira. Dongosololi adalipangira anthu a chuma chambiri kunja, ndipo ndimaopa kuti ena mwa athu angalithamangire atangomva mawu oti zaka zinayi.

Njira yabwino kwa ambiri ndi yosavuta. Lendi ikhomedwe ku Malawi, kumene nyumba ili. Kenako pouza a HMRC, musonyeze zimene mudalipira kale, ndipo iwo amazichotsera pa msonkho wawo wa ndalama yomweyo. Amachotsa mpaka pa mlingo wa msonkho wawo basi. Ngati ku Malawi mudalipira zambiri, zotsalazo sakubwezerani. Koma popanda lisiti la MRA palibe chochotsera.

Mbali ya ku Joni

Ulendo wa ku South Africa ndi wakale kwa ife, ndipo msonkho udali m'gulu la zimene zidauyambitsa. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndalama kumudzi kudalibe, ndiye amuna adayamba kupita ku migodi, ena kudzera ku Wenela ndi Theba. Amene sadabwerere tidawatcha machona. N'zochititsa chidwi kuti lamulo la South Africa lerolino limafunsa funso lofanana ndi limene agogo athu ankafunsa: kodi munthuyu adachona, kapena adzabwera?

Kuyambira mu 2001 a SARS, ofesi ya msonkho ya ku South Africa, amakhometsa okhalamo pa ndalama zawo za dziko lonse lapansi, ndipo ali ndi miyeso iwiri. Woyamba sudalira masiku. Udachokera ku mlandu wa Cohen wa mu 1946, pamene khoti lidafotokoza kuti kwawo kwa munthu ndi dziko limene mwachibadwa amabwererako akatha maulendo ake. Mmisiri wa zomangamanga amene ali ku Randburg, koma mkazi ndi ana ali ku Mangochi, akumanga nyumba kumudzi, Disembala aliyense ali pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, angathe kunena moona kuti kobwerera kwake ndi ku Malawi. Mnzake amene adakwatira komweko, nkugula nyumba ku Cosmo City, ana ake akulankhula Chizulu, sanganene zomwezo ngakhale atalira bwanji nyimbo za kumudzi.

Koma mmisiri wa ku Randburg uja asapume msanga, chifukwa muyeso wachiwiri ndi wa masiku okhaokha ndipo sufunsa za mtima. Umamugwira munthu akakwaniritsa zitatu pamodzi: kuposa masiku 91 m'chaka chino, kuposa masiku 91 m'chaka chilichonse mwa zisanu zapitazo, ndi kuposa masiku 915 mukaphatikiza zaka zisanu zapitazo. Mwachidule, amene amakhala ku South Africa gawo lalikulu la chaka chilichonse, m'chaka chachisanu ndi chimodzi amasanduka wokhalamo. Timati mlendo ndi mame, koma lamuloli lidaika tsiku limene mamewo amaleka kutchedwa mame. Wogwidwa ndi muyeso umenewu amamasuka akakhala kunja kwa dzikolo masiku 330 athunthu otsatizana. Ndipo kutuluka kuli ndi mtengo wake: munthu akaleka kukhala wokhalamo, lamulo limachita ngati wagulitsa katundu wake wa dziko lonse pa tsiku lotsiriza, kupatulapo zina monga nyumba ndi malo za m'South Africa momwemo, nkumuwerengera msonkho pa phindu la kukwera mtengo kwake. Puloti ya ku Blantyre ingalowe m'chiwerengero chimenecho ngakhale sidagulitsidwe.

Ambiri mwa abale athu kumeneko amapeza ndalama zochepa moti safika pa mlingo woyambira kukhoma, ndiye nkhaniyi siwapweteka. Imakula kwa aphunzitsi, madokotala, akatswiri a makompyuta ndi eni mabizinesi amene ali ndi katundu mbali zonse ziwiri. Dziwaninso kuti ngakhale wosakhalamo amakhoma pa ndalama zimene wapangira m'South Africa.

Mayiko awiri akakukanganirani

Apa ndi pamene mapangano a pakati pa mayiko amalowerera. Mapangano ambiri a masiku ano amatsatira chitsanzo cha OECD, bungwe la mayiko loona za chuma, kapena cha United Nations, ndipo ndime yachinayi ya zitsanzo zonse ziwiri ili ndi makwerero othetsera mkangano. Umayamba ndi funso loyamba, ndipo likangopereka yankho, ena otsatirawo safunsidwanso. Kodi munthuyu ali ndi khomo lokhazikika m'dziko liti? Silifunika kukhala logula. La lendi likwanira, bola likhale lotseguka kwa iye nthawi zonse. Nyumba imene mwaikamo anthu a lendi si khomo lotseguka kwa inu, ndipo ambiri saidziwa mfundo imeneyi. Ngati makomo ali mbali zonse, funso lachiwiri ndi lakuti moyo wake watsamira kuti: banja, ntchito, chuma, mpingo, anzake. Zikapanda kuoneka bwino, amaona kumene amakhala kawirikawiri. Zikafanana, pamenepo ndiye unzika umalowa, pa sitepe yachinayi. Zonse zikakanika, akuluakulu a msonkho a mayiko awiriwo amakhala pansi nkugwirizana.

Kwa anthu ngati ife funso lachiwiri lija ndi lovuta kuposa momwe olemba ake ankaganizira. Iwo ankaona banja ngati bambo, mayi ndi ana pa nyumba imodzi. Mmalawi wa ku Leeds amadyetsa makomo atatu ku Ntcheu, ndi mwinimbumba, maliro akagwa foni yoyamba imapita kwa iye. Kodi moyo wake watsamira kuti? Kunena zoona, oweruza amayang'ana kwambiri kumene kuli mkazi kapena mwamuna ndi ana aang'ono, ndi kumene ndalama zimapangidwira. Udindo wa kumudzi ndi weniweni, koma pa sikelo yawo umapepuka.

Makwererowa sachotsa msonkho wonse m'dziko limene lagonja. Nyumba ndi minda zimakhomedwabe kumene zili, ndipo malipiro kawirikawiri amakhomedwa kumene ntchito yagwiridwira. Chimene amathetsa ndi funso lakuti ndani ali ndi ufulu pa zonse, ndi ndani ayenera kuchotsera mnzake. Ndipo amagwira ntchito pokhapokha ngati ali m'pangano limene mayiko anu awiriwo adasainirana.

Apa ndi pamene Amalawi tili pa malo ovuta, ndipo zimandiwawa. Pangano la msonkho la Malawi ndi Britain lidasainidwa mu 1955, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, dziko lathu lisadalandire ufulu. Lidakonzedwapo pang'ono pambuyo pake, koma thunthu lake ndi lomwelo, ndipo bungwe la ActionAid lidalidzudzula poyera mu 2016 kuti limamanga manja a Malawi. Lidalembedwa chitsanzo choyamba cha OECD cha mu 1963 chisadatuluke. Mapangano ena a nthawi imeneyo, m'malo mosankha dziko limodzi, amangomusiya kunja munthu amene mayiko onse awiri akumuwerenga, osamupatsa chitetezo cha mbali iliyonse. La Malawi ndi South Africa nalo ndi la mu 1971. Yerekezani ndi anansi athu a ku Zambia, amene adasainirana pangano latsopano ndi Britain mu 2014, kapena South Africa ndi Britain amene lawo ndi la mu 2002. Choncho bambo wa nkhuku wa ku Mchinji asawerenge za makwerero pa intaneti nkuganiza kuti atetezedwa. Iye, kapena katswiri amene wamulemba ntchito, ayenera kutsegula pangano lenilenilo nkuwerenga mmene likufotokozera munthu wokhalamo. Chotchipa kuposa zonse kwa iye n'kusalola kuti afike pokanganiridwa: kudziwa zingwe zake chaka chisanayambe, nkudula ulendo wake pa masiku 45.

Umboni

Wina anganene kuti, adziwa bwanji? Funso limeneli lidali ndi mphamvu kale. Kuyambira mu 2017 mayiko, amene pano ndi oposa 100, amatumizirana okha mbiri ya maakaunti a ku banki pansi pa dongosolo la Common Reporting Standard, ndipo fomu ija ya ku banki imachokera kumeneko. Makampani a ndege amasunga maulendo, makadi a banki amasonyeza sitolo ndi tsiku, foni imasonyeza kumene idagona. Woimba wa ku Colombia, Shakira, ankanena kuti m'zaka za 2012 mpaka 2014 kwawo kudali ku Bahamas. Boma la Spain lidalondola moyo wake tsiku ndi tsiku, mpaka kumene ankakonzetsa tsitsi, pofuna kusonyeza kuti adaposa masiku 183 m'dzikomo. Mlanduwo udali wa mayuro pafupifupi 14.5 miliyoni, ndipo mu Novembala 2023 iye adavomera kuuthetsa polipira chindapusa choposa mayuro 7 miliyoni. Ife ndalama zathu si zimenezo, koma njira yofufuzira ndi yomweyo, ndipo pa mkangano wotere amene amafunsidwa umboni ndi iwe.

Ndidaonapo mayi wina atayala mapasipoti awiri pa tebulo, yakale yodulidwa pakona ndi yatsopano, akuyesa kuwerenga zidindo zofufutika ndi tochi ya foni kuti akumbuke ngati ulendo wa maliro a bambo ake udali wa milungu itatu kapena isanu. Chidindo cha ku Chileka chinkaoneka, koma mbali ya Britain padalibe kanthu, chifukwa potuluka kumeneko sadinda. Chidamuthandiza ndi imelo ya tikiti imene mwana wake adaipeza. Kakope kakang'ono kolembamo tsiku lonyamuka, tsiku lofika ndi kumene mudagona kakadamupulumutsa ku usiku umenewo. Pamodzi ndi kakopeko sungani matikiti, mapangano a lendi a mbali zonse, makalata a sukulu ya ana, mapepala a malipiro ndi malisiti a MRA. Mukafuna kugwiritsa ntchito pangano la mayiko, dziko linalo lidzafuna kalata yochokera ku ofesi ya msonkho yotsimikiza kuti ndinu wokhalamo, ndipo kalatayo amaipereka mukaipempha.

Amene ali ku Britain ndipo wazindikira lero kuti lendi yake imayenera kuululidwa ali ndi masiku awiri oti awalembe: kulembetsa kwa a HMRC pofika pa 5 Okutobala chaka cha msonkho chikatha, ndi kutumiza fomu pa intaneti ndi kulipira pofika pa 31 Januwale. Za zaka zam'mbuyo pali njira yodziululira wekha, ndipo chilango cha wodziulula chimakhala chochepa kuposa cha amene kalata yamupeza asadanene.